Nkhokwe ya Mumzinda

Kumudzi banja lanzeru limadziŵika ndi nkhokwe yake. Koma ife amene tikhala mumzinda wa Blantyre, ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni, tilibe bwalo lomangapo nkhokwe. Zokolola zathu ndi malipiro a pamwezi, ndipo timazituta kupita nazo kubanki. Tsono n'koyenera kuti tidziŵe mbiri ya nyumba imene timaisungitsa thukuta lathu.

Ntchito ya banki m'dziko muno idayamba ndi amalonda a ku Scotland, a kampani ya African Lakes, imene idakhazikitsidwa mu 1878. Mmodzi mwa oiyendetsa, John Moir, ankavala magalasi a m'maso, choncho anthu adamutcha Mandala, ndipo dzinalo lidakhalira kampani yonse. Nyumba yawo ya Mandala, yomangidwa mu 1882, ikadalipo mpaka lero. Kampaniyi idayamba kusunga ndi kukongoza ndalama mu 1894, kenaka mu 1901 Standard Bank ya ku South Africa idatsegula nthambi yake mu Blantyre. Ntchito ya banki ya Mandala idagulidwa mu 1918 ndi National Bank of South Africa, imene idaloŵa m'manja mwa Barclays mu 1925. Masiku amenewo mabanki ankatumikira makamaka azungu a minda ya fodya ndi tiyi pamodzi ndi amwenye a masitolo. Agogo athu ambiri ankakwirira mashereni awo m'chitini pansi pa mphasa.

Ufulu utabwera zinthu zidasintha. Mu 1970 Commercial Bank of Malawi, imene lero ikutchedwa Standard Bank, idatsegula nthambi yake yoyamba ku Limbe, kumene kuli njanji ndi msika wa fodya. Mu 1971, chaka chomwe kwacha ndi tambala zidaloŵa m'malo mwa mapaundi ndi mashereni, nthambi za Barclays ndi za Standard Bank yakale ija zidaphatikizana kukhala National Bank of Malawi. Bankiyi idaloŵa pamsika wogulitsira masheya mu 2000, ndipo likulu lake lili pa msewu wa Henderson, pakati pa mzinda.

Eni adasintha kangapo, maina adasintha, ndalama yomwe idasintha dzina. Nanga n'chiyani chidasunga ntchitoyi zaka zoposa 130? Ife tiona kuti ndi kukhulupirirana. Munthu amasiya ndalama zake kwa mlendo amene sadziŵa ndi mudzi wake womwe, chifukwa akhulupirira kuti cholembedwa m'buku chidzalemekezedwa. Tsiku limene anthu onse angakayike ndi kuthamangira kukatapa ndalama zawo, banki iliyonse ingagwe, pakuti gawo lalikulu la zimene timasungitsa limakongozedwa kwa ena. Amayi a banki m'khonde a ku Chirimba amaidziŵa bwino nzeru imeneyi: buku lawo limaŵerengedwa poyera, aliyense akumva.

Tisabise kuti nkhokwe ya mumzinda nayo ili ndi anankafumbwe ake. Mu 1971 ndalama yapepala yaikulu koposa idali K10. Mu 2022 padatuluka ya K5,000. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti. Chiwongoladzanja chikachepa kusiyana ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, ndalama yosungidwa imafumbwa ili chikhalire m'buku. Nchifukwa chake wosunga ayenera kufunsa mosachita manyazi za chiwongoladzanja ndi za ndalama zimene amadulidwa. Komabe kusunga kuposa kuthamangira kwa akatapila mwana akadwala kapena fizi ikafunika. Paja pang'onopang'ono ndi mtolo.

Koma pali chinthu china chimene chimatiŵaŵa koposa. Timakhulupirira mlendo wa kubanki, koma sitikhulupirira amene tidamanga naye banja. Alipo abambo amene amabisa buku ndi khadi la kubanki, osauza mayi a kunyumba ngakhale dzina la nthambi. Imfa ikabwera, mayi wamasiye amayendayenda m'maofesi osadziŵa pofunsa, uku achibale akugaŵana mipando ndi malata. Lamulo loteteza chuma cha masiye la 1967 lidaloŵedwa m'malo ndi lina mu 2011, ndipo kulanda chuma cha ofedwa ndi mlandu. Koma lamulo silingaonetse mkazi chuma chimene mwamuna wake adachibisa.

Kumudzi mayi ankadziŵa mmene chimanga chatsikira m'nkhokwe, ndipo ndiye ankachenjeza banja njala isanafike. Inu abambo ndi amayi, mwezi uno malipiro akalandiridwa, khalani pansi aŵiriŵiri ana atagona. Uzanani kumene ndalama zili, ngongole zimene muli nazo, ndi amene mudamulemba kuti adzalandire zotsala. Amene angathe alembenso wilo akadali ndi moyo ndi mphamvu.