Kumpanda kwa bwalo la ndege ku Mzuzu

Juni wa ku Mzuzu alibe chisoni. Ndinatuluka m'depoti cha m'ma 7 koloko m'mawa, chifunga chitameza nsonga za mitengo, kamvula kowaza kakulowa m'khosi mwa jekete. Wakabaza anandilonjera m'Chitumbuka, ine ndinayankha mothyokathyoka, ndiye anasintha yekha.

"Tikupita kuti, bambo?"

"Ku eyapoti."

Anandiyang'ana kumapazi, naona kuti ndilibe chikwama. Sanafunsenso.

Bwaloli lili m'tauni momwemo, nyumba za anthu zitalizinga. Ukaima kumpanda umaona udzu wonyowa, kanyumba kochepa, ndi msewu wa ndege womwe tsiku limenelo unkangothera m'chifunga ngati wadulidwa ndi mpeni. Ndinagwira waya, kuzizira kwake kunandilowa m'zala.

Pano ndi pomwe ndege ya asilikali, Dornier 228, inkayembekezeka kutera pa 10 Juni 2024, nthawi itangopitirira 10 koloko. Inanyamuka ku Kamuzu International Airport ku Lilongwe cha m'ma 9:17, itanyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr Saulos Chilima, ndi anzawo opita kumaliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Nyengo inali yoipa ngati yomwe ndinaipezayi, ndipo ndegeyo sinafike. Anaipeza mawa lake m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 atamwalira.

Dzina la a Chilima aliyense amalidziwa, ndipo n'koyenera. Koma ine chomwe chinandibweretsa ndi atatu ovala yunifolomu aja: Colonel Owen Sambalopa, woyendetsa wamkulu, Major Flora Selemani, womuthandiza, ndi Major Wales Aidin, injiniya wa ndegeyo. Ndinafunsa wakabaza ngati angatchule mmodzi mwa iwo. Anakanda m'mutu.

"Paja munali mayi wina woyendetsa, eti?"

Inde, munali. M'dziko momwe mtsikana akanena kuti akufuna kuulutsa ndege anthu amayamba aseka, Flora Selemani anafika pa udindo wa Major, akugwira chiwongolero cha ndege ya boma. Atsikana a sukulu omwe anatidutsa kumpandako, manja atapinda m'majuzi, ndinalakalaka nditawaimitsa n'kuwauza zimenezi. Ndinaopa kuwachedwetsa.

Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti bwalo lino atatuwa sanali alendo. Dzulo lake anali atabweretsa thupi la malemu Kasambara kuno, ndipo m'mawa wa tsiku la ngoziyo ananyamukira pomwe pano kupita kukatenga a Chilima. Ndiye kuti mapiri a Viphya anali atawadumpha kale kamodzi tsiku lomwelo. Ndege yawo inali ya m'zaka za m'ma 1980, ndipo akatswiri a ku Germany omwe anafufuza anapeza kuti munalibe makina ojambula mawu ndi kayendedwe kake, komanso batire la kachipangizo kolozera pomwe ndege yagwera linatha mphamvu mu 2004. Zaka makumi awiri. Msilikali sasankha chida. Amapatsidwa, n'kuuzidwa nthawi yonyamuka. Ena anganene kuti siinali nkhondo. Ine ndikaona chifunga chimenechi, mkangano umenewo ndimausiya.

Pobwerera ndinapempha kuti tidzere mbali ya ku Moyale Barracks. Dzinalo lokha ndi chikumbutso: Moyale ndi tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia, komwe asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland analimbana ndi Ataliyana mu 1940. Agogo athu amenewo ambiri mayina awo anatsalira komweko. Sitinayandikire geti, pamalo a asilikali munthu suima n'kumasuzumira. Tinangodutsa pang'onopang'ono, tcheni cha njinga chikulira, msilikali wapageti atakweza kolala mpaka m'makutu.

Titafika pamsika, dzuwa linali lisanatulukebe. Amayi ankayala tomato ndi nthochi pamasaka, wina akukupiza mbaula. Ndinalipira wakabaza, iye napinda ndalamayo n'kuilowetsa m'sokosi. Atakwera kale njinga anatembenuka.

"Bambo, mayi uja mwati dzina lake ndani?"

Ndinamuuza. Analibwereza kawiri chapansipansi, kenaka wina anakuwa kuti akufuna wa ku Chibavi, ndipo anapalasa kupita.