Za Mseu wa Pakati pa Blantyre ndi Limbe

Abale owerenga, lolani ndinene za mseu umene tiuponda masiku onse osafunsa mbiri yache.

Pachiyambi panali midzi iwiri ya Azungu. Blantyre inayamba ndi Mishoni ya ku Scotland m'dziko la mfumu Kapeni chaka cha 1876, ndipo amalonda a Mandala anatsata pambuyo. Limbe inadza mochedwa, nikula chifukwa cha njanji ndi fodya wa Imperial Tobacco Company. Pakati pao panali mtunda wa ngati mailosi 5, ndipo mseu unalambulidwa kuti katundu ayende. Midziyo inaphatikizidwa chaka cha 1956, koma mseu unali utaimanga kale pamodzi.

Munthu akanyamuka pa Clock Tower kulinga ku Limbe, apitirira Ginnery Corner, nasiya kudzanja lamanja chipatala cha Queen Elizabeth, chimene ife titi Gulupu. Afika ku Chichiri, pamene pali bwalo la mpira ndi chipata chokumbutsa ufulu wa 1964. Pomwepo Maselema, ndipo walowa m'Limbe.

Tsono chondiwawa ine ndi ichi: iwo amene adzaza mseuwu mbandakucha sagona m'mbali mwache. Atsamunda pogawa malo anadzisungira pakati, natisiya ife kuseri, m'tsinde mwa mapiri. Chotero a ku Ndirande atsika ndi mseu wa Makata, a ku Zingwangwa achokera kunsi kwa Soche, a ku Bangwe alowera ku Limbe. A ku Chilomoni ndi a ku Machinjiri alawira koposa, pakuti wosowa ndalama ya minibasi ayenda pansi, mvula kapena dzuwa, kuti nchito ingamthere. Ndaona amai atasenza dengu la masamba alikudikira nthawi yaitali kuti aoloke, magalimoto osawalabadira konse.

Dzina lache nalonso liri ndi nkhani. Kale unali Kamuzu Highway. Ulamuliro utasintha chaka cha 1994 unapatsidwa dzina la Masauko Chipembere, nduna ija inasemphana ndi Dr Banda mu 1964, nifera ku America mu 1975 osabwerera kwao. Ife tinakula dzinalo likutchulidwa monong'ona, lero liri pa zikwangwani, ndipo bwalo la Kamuzu liri pambali pache pomwepo. Anyamata oitanira minibasi satchula ndi mmodzi yemwe wa awiriwo; iwo angopfuula kuti, "Limbe, Haiwe!"