Madzi ali kunsi, munda uli kumtunda

Ukatchula Thyolo, anthu amaona tiyi. Amakumbukira minda yobiriwira ya maesiteti monga Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba, n'kumaganiza kuti boma lonse ndi lonyowa chaka chathunthu. Anzanga kuno ku Zomba sakhulupirira ndikawauza kuti kwathu kwa Nsabwe, chakumwera uko kufupi ndi Thekerani, pofika Okutobala nthaka imakhala itang'aluka ndipo timitsinje tambiri timatsala mchenga wokhawokha. Tiyi ali ndi mizu yozama, amamwa chiperoni, ndipo maesiteti ena ali ndi madamu ndi mapaipi awo. Chimanga cha amayi anga chilibe zonsezo.

Pa 23 Malichi 2024, a Lazarus Chakwera, ali pulezidenti, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Kuyambira pamenepo nyimbo ya pa wailesi inali imodzi: tiyeni tilime mothirira, tisadalire mvula. Mawuwo ndi oona. Chimene chimandipweteka ndi kamvekedwe kake, ngati kuti mlimi amene sathirira ndi waulesi. Ine ndikuti vuto lake ndi mtengo wokweza madzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chimanga chimafuna madzi olingana ndi mvula ya mamilimita osachepera 500 kuti chikhwime. Milimita imodzi pa hekitala ndi malita 10,000. Ndiye kuti ekala imodzi imamwa malita pafupifupi 2 miliyoni, omwe ndi ndowa 100,000 za malita 20. Ngakhale mutangolima kota ya ekala, mukufunika ndowa zoposa 200 tsiku lililonse kwa miyezi inayi, ndipo ndowa iliyonse imalemera makilogalamu 20. Kwathu kulibe chidikha. Ndi mapiri ndi zigwa zotsetserekera ku Ruo ndi ku chigwa cha Shire. Madzi ali kunsi, munda uli kumtunda. Amayi akamathirira timabedi ta mpiru ndi tomato ndi makheni awiri, amakhala afika pamene thupi la munthu limathera. Kuwauza kuti athirire chimanga chodyetsa banja mpaka Febuluwale ndi kusadziwa kulemera kwa madzi.

Wina anena kuti agule pampu. Thiredo pampu, ija yopalasa ndi miyendo, imathandiza m'dimba la m'mbali mwa mtsinje, koma siikankha madzi kukwera phiri, ndipo mphira wake ukatha uyenera kukwera galimoto kukaufuna kutali. Pampu ya injini imamwa petulo. Atsibweni anga anagula yawo atagulitsa mbuzi, ndipo chaka choyamba anatidyetsa mondokwa mu Novembala. Kenaka kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta anakwera, ndipo kumapeto kwa 2024 anasowa ndithu. Amene ali m'tauni ankagona pa mzere. Nanga wa kwa Nsabwe, wonyamula chigubu, akanapita kuti? Chimanga chikamasula ngayaye sichidikira kuti thanki ya mafuta ifike kuchokera ku Beira. Lero pampuyo ili kuchipinda, yavundikiridwa ndi thumba la feteleza. Ya sola siifuna petulo, koma mtengo woigulira ndi wa munthu amene ali kale ndi ndalama.

Ngakhale madzi afike m'munda, nkhani siinathe. Onse a m'dimba amabzala tomato nthawi imodzi, amakolola nthawi imodzi, ndipo wogula wochokera ku Limbe ndiye amatchula mtengo chifukwa akudziwa kuti tomato sagona masiku. Kale nthochi ndizo zinkatipatsa ndalama ya sopo ndi fizi popanda kuthirira, mpaka matenda a chisaka anazitha. Ndalama yoti mlimi ayambire ulimi wothirira inapita ndi nthochizo.

Chondichititsa chidwi n'chakuti boma lomwe likudziwa kuti kupopa madzi n'kodula. Chitukuko chachikulu cha Shire Valley Transformation Programme, chothandizidwa ndi World Bank ndi African Development Bank, chikukumba ngalande yochokera ku Kapichira kuti madzi aziyenda okha kutsetsereka, kukathirira mahekitala oposa 40,000 ku Chikwawa ndi Nsanje. Ngati akatswiri okhala ndi mabiliyoni anasankha kuti madzi aziyenda okha, bwanji mlimi wa kota ya ekala tikumuuza kuti adzigulire injini?

Mapiri athu omwewa, amene amatilanga tikamasenza madzi, angatigwirire ntchito. Kasupe amene ali pamwamba pa mudzi safuna petulo. Amafuna kadamu kakang'ono ka simenti, mapaipi, thanki, ndi anthu ogwirizana za tsiku la aliyense lothirira. Izi banja limodzi silingathe, paja mutu umodzi susenza denga. Apa ndi pamene ndalama za chitukuko za khonsolo ndi za phungu zikanagwira ntchito yooneka, ndipo mafumu akanateteza malo a akasupewo kuti wina asadule mitengo kapena kulima mpaka pakamwa pa madzi.

Palinso ulimi wothirira umene sitiutchula dzina limeneli: kusunga mvula pamene yagwera. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatisonyeza madzi ochuluka kuposa amene tinawaonapo, koma patapita chaka tinali kulira ng'amba. Madziwo anathamanga ndi nthaka yathu kupita kunsi, kumene mitsinje ngati Thangadzi imakatula mchenga kwa anzathu olima mpunga ku Muona. Mizere ya akalozera, ngonyeka, vetiva, maenje osunga madzi ndi kuphimbira ndi mapesi sizifuna ndalama zakunja. Sizikometsa chithunzi cha nduna yodula riboni, koma munda wophimbira umapirira masabata awiri opanda mvula pamene wa mnzake wafota. Nandolo, chinangwa ndi kalongonda, zimene agogo athu Achilhomwe sanazisiye, zimadziwa kudikira mvula kuposa chimanga cha haibulidi.

Ambiri a ife amene tili pa sukulu pano tidzakhala m'maofesi olemba mapulani a anthu akumudzi. Pempho langa ndi laling'ono. Musanalembe kuti alimi alimbikitsidwe kuthirira, funsani mafunso atatu: madzi ali pati, adzakwera ndi mphamvu ya yani, ndipo chaka chachitatu, bungwe litapita, adzalipira ndani chikawonongeka? Pulani imene siyankha mafunso amenewa imangosamutsa ngongole kuchoka pa pepala kupita pa msana wa mayi wonyamula kheni.