Ndinakwera chokwawa phiri la mchenga ku Michigan

Amalawi ambiri amene tili ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, timagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo tulo timangotiba. Chaka china ndinkagwira mashifiti awiriawiri chifukwa nyumba ya amayi kumudzi inkadikira malata. Anzanga atapangana kuti Loweruka lina mu July tikapitidwe mphepo kumpoto kwa Michigan, ndinangoweruka m'mawa, n'kusukusula, n'kukwera galimoto.

Woyendetsa anali bambo wachikulire wa ku Nkhotakota amene tonse timawatcha amalume. Kutsogolo kunakhala asisi ena amene ndi namwino, kumbuyo ine ndi mnyamata wa ku yunivesite. Amalume sadutsa chikwangwani osaima. Tikuyenda mu US-31 anatikhotetsera ku Holland kuti tione De Zwaan, chigayo choyendera mphepo chimene chinabwera kuchokera ku Netherlands mu 1964. Titapitirira Manistee tinalowa mu M-22, n'kuimanso pafupi ndi Frankfort pa Point Betsie, nsanja ya nyali yotsogolera sitima ya mu 1858. Ponseponse zithunzi, ponseponse khofi. Kumwa madzi palibe ankakumbuka.

Tinafika ku Sleeping Bear Dunes dzuwa litapendeka. Malowa boma linawaika m'manja mwake mu 1970, koma dzina lake n'lakale. Anthu a mtundu wa Ojibwe amasimba za chimbalangondo chimene chinathawa moto wa m'nkhalango ku Wisconsin n'kusambira nyanja ndi ana ake awiri. Anawo anamira atatsala pang'ono kufika, n'kusanduka zilumba za North Manitou ndi South Manitou, ndipo mayi wawo anagona pamtunda kuwadikira mpaka mchenga unamukwirira. Amalume, amene anakulira m'bwato, anayang'ana Lake Michigan kwa nthawi yaitali n'kuvomera monyinyirika kuti ndi yaikulu. Sanalakwe: kutambalala kwake n'kofika pafupifupi kawiri nyanja ya Malawi, ndipo madzi ake alibe mchere ngati athu omwe.

Pamsewu wozungulira wa Pierce Stocking pali malo oimapo a nambala 9. Pamenepo mtunda umathera mwadzidzidzi, ndipo pansi pa mapazi ako pamayamba chiphedi cha mchenga ndi timiyala chotsika mamita pafupifupi 137 mpaka m'madzi. Chikwangwani chinkachenjeza kuti kubwerera kungatenge maola awiri, ndipo amene walephera n'kuitana opulumutsa akhoza kulipira mpaka madola 3,000. Komabe anthu anali mbwee kutsetsereka, ana omwe. Mnyamata uja anavula nsapato, ine ndinamutsatira. Kutsika n'kokoma: umangolumpha, mwendo n'kumira mpaka m'katumba, mphindi zochepa wafika.

Pobwerera m'pamene phirilo limaonetsa khalidwe lake. Ukaponda, mchenga umagumuka n'kukubweza pafupifupi pamene unachokera. Chiphedicho chinayang'ana kumadzulo, choncho dzuwa la masana limachiwomba mwachindunji, ndipo palibe ngakhale kamtengo kousapo. Ndisanafike pakati akatumba anakungana, mutu unayamba kugunda, ndinasanza khofi yense uja. Nditayang'ana kumtunda ndinaona anthu akuyandama, m'mbali mwa maso mukuda. Ndinagona chafufumimba, mchenga ukundiotcha pachifuwa, ndipo ndinadziwa kuti miyendo yakana.

Mnyamata anaimbira asisi. Iwo anatsika chokhala, chikwama chodzaza mabotolo a madzi chili kumsana. Atafika anandigwira pamkono, kenako pamphumi.

"Achimwene, lero ndi lachingati? Mwana wanu woyamba dzina lake ndani?"

Ndinayankha bwino. Ndinaona foni ili m'manja mwawo.

"Asisi, chonde musaimbe. Ndalama imeneyo ndi malata a amayi."

"Malata tidzasonkha. Mukudziwa mtengo wotumiza maliro ku Malawi inu?" Anakhala chete pang'ono. "Mvetserani. Thukuta likutuluka ndipo mukuyankha zanzeru. Likangouma, kapena mukayamba kubwebweta, ndiimba 911 osakufunsani."

Anamasula chitenje chimene anamanga m'chiuno, mnyamata n'kuchigwira m'makona awiri, iwo m'makona enawo, n'kundipangira mthunzi. Ananyowetsa malaya anga n'kundiika m'khosi ndi m'khwapa. Madzi ankandipatsa pa chitsekerero cha botolo, kuti ndisasanzenso. Mayi wina amene sitikumudziwa, akukwera ndi mwana wake, anaima n'kutisiyira chakumwa cha othamanga ndi kapaketi ka mtedza wamchere, n'kupitiriza osadikira zikomo. Ine ndimakhulupirira kuti anatumidwa, ndipo sindikangana ndi amene akuona mwina.

Maso atayera tinayamba kukwawa ngati ana, manja ndi mawondo. Mnyamata ankatsogola n'kumapondaponda kuti mchenga ulimbe, ine n'kumaika bondo m'mapazi mwake, asisi kumbuyo atandigwira lamba. Tikasuntha pang'ono, chitenje chija m'mwamba, kupuma. Anandiletsa kuyang'ana kumtunda chifukwa pamwamba pamaoneka pafupi koma sipafika. Pemphero langa linali la mawu awiri okha, "Ambuye, ndigwireni," ndipo ndinkalinena bondo lililonse likamira. Mwayi wake, mu July dzuwa kumeneko limalowa itadutsa 9 koloko, choncho mdima sunatithamangitse.

Amalume nthawi yonseyi anali m'mphepete, chipewa chili m'manja. Titayandikira anatsikako pang'ono, munthu wa mawondo ovuta, n'kundikoka. Anthu amene ankaonerera anaomba m'manja, ine ndinalira popanda manyazi.

Usiku umenewo tinagona ku Traverse City, ndipo asisi ankandidzutsa kuti ndimwe madzi. M'mawa amalume sanasinthe khalidwe: anatitengera kukaona chiwaya chachikulu chimene anaphikiramo payi wa matcheri woposa matani 12 mu 1987. Pachithunzi chimene tinajambula pamenepo ine ndakhala pansi.

Titabwerera ku South Bend asisi anandiperekeza okha kuchipatala, kuopa kuti ndizemba. Kumeneko anapeza kuti magazi anga amathamanga kwambiri, matenda amene ndinkayenda nawo osadziwa. Ndinayamba mankhwala, n'kusiya mashifiti otsatizana. Malata anachedwa miyezi ingapo, ndipo mbali ina anasonkhadi anzanga atatu aja. Nyumba inafoleredwa mvula isanayambe.