Mwalimu, dikirani

Pa madrassa yathu kuno ku Mangochi pali mtsikana wa zaka 12 amene anasiya kulankhula atadwala malungo aakulu, aja ofika ku ubongo. Kumva amamva, nzeru zake nzakuthwa, koma mawu satuluka. Ndinamukonzera katoni yokhala ndi zithunzi ndi mawu: madzi, nsima, kupweteka, inde, ayi. Akafuna kanthu amaloza ndi chala.

Kenaka ndinaganiza zosonkhanitsa ena a vuto ngati lake kuti azilimbikitsana. Anabwera asanu. Mwa iwo munali bambo wina amene kale anali msodzi, koma anadwala sitiroko ndipo tsopano amalemba pa sileti ndi dzanja lamanzere. Munalinso mnyamata amene amalemba pa foni, foniyo nkumawerenga mokweza. Tinkakumana Loweruka pansi pa mtengo wa mango.

Misonkhano itatu yoyamba, wolankhula ndinali ine ndekha. Wina akangoyamba kuloza, ndinkathamangira kumumalizira mawu, mumtima ndikuti ndikuthandiza. Tsiku lachinayi bambo aja anatenga choko, nalemba pang'onopang'ono, nanditembenuzira sileti: "Mwalimu, dikirani." Manyazi anandigwira, ndipo ndinakhala chete.

Nditatero, iwo anatenga katoni ya mtsikana uja nkuiyang'anitsitsa. Anaona chimene ine sindinachione miyezi yonseyi. Pa katoniyo panalibe "ndakwiya", panalibe "ndili ndi funso", panalibe ngakhale dzina la mnzake mmodzi. Ndinali nditaikapo zokhazo zimene ife akuluakulu timafuna kumva. Msodzi uja anadziwa msanga chifukwa naye amasowa mawu omwewo kunyumba kwake.

Tsiku lomwelo anapangana malamulo awo. Aliyense apatsidwe nthawi mpaka amalize. Wina asamalizire mnzake mawu pokhapokha atapemphedwa. Utsogoleri uzisinthana pakati pa iwo eni, makolo ndi aphunzitsi azikhala kumbuyo. Ine anandipatsa ntchito yodula makatoni ndi kugula choko.

Abale ndi alongo, izi si zachilendo. Mtumiki (SAW) pochoka m'Madina kangapo konse ankasiya Abdullah ibn Umm Maktum, munthu wosaona, kuti azitsogolera. Ndiponso pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene dziko lathu linavomereza mu 2009, limazindikira njira ngati zimenezi kuti nakonso nkulankhulana. Ngati m'banja mwanu muli wotere, m'pezereni anzake, ndipo akakumana inu khalani pambali.

Sabata yotsatira mtsikana uja anabwera ndi katoni yatsopano. Analoza "ndili ndi funso", kenaka analoza zilembo chimodzichimodzi. Ndinadikira mpaka anamaliza. Ankafuna kudziwa chifukwa chake m'kalasi ndimafunsa ana onse koma iye ayi. Ndinasowa choyankha. Kuyambira tsiku limenelo naye ndimamufunsa, ndipo kalasi yonse imadikira.