Musanafomate laputopu, yambani mwayang'ana chaja

Imwe amene mumationa pa ma show tili na kamela m'khosi, mumaganiza kuti ise atolankhani za zosangalatsa tikudya bwino. Mwandi, malipilo amathela pa lendi na mabasi. Chimene chimanifikitsa kumapeto kwa mwezi ni ma kitchen party. Pa Chiwelu nijambula, mkati mwa wiki niedita, ndiye nipeleka vidiyo nilandila ndalama yotsala. Nchito yonse iyi imadalila chinthu chimodzi, laputopu yanga ya salaula, Dell Precision 7520.

Ngati simunaionepo, ni chilaputopu cholema monga buloko. Ni mtundu uja amati workstation, wopangidwila ma injiniya, ojambula mapulani a nyumba na oedita mavidiyo. Inatuluka mu 2017, mkati ili na khadi ya zithunzi ya NVIDIA Quadro, ndipo imadya malaiti maningi. Chaja yake ni ya 180W, yaikulu monga njelwa. Sungani nambala iyo m'mutu, chifukwa ine sininaisunge.

Munali mu 2024, nthawi ija madzi anachepa ku Kariba, malaiti akuyenda maola ambilimbili. Tonse tinali kuyenda na machaja m'chola, kusakila kumene kuli moto. Tsiku lina ninaseluka minibasi ya ku Mtendere na laputopu kumsana, pulasitiki ya chaja yatsala pansi pa mpando. Mukudziwa kale kuti sinabwele.

M'mawa mwake ninalowa mu town. Kamnyamata kena kanatulutsa chaja pansi pa tebulo, ati, "Iyi ni original, ba sister, yesani." Ninailowetsa, inalowa bwinobwino, kanyali kanayaka. Inali yopepuka, nthambo yake ya mapini awili, ija imene timatsegulila soketi na kamtengo ka machisa. Mtengo unali wabwino. Mumtima ninati ngati yalowa ndiye kuti ni yake.

Mavuto anabwela atatu pamodzi. Choyamba, laputopu inayamba kuyenda monga yakalamba usiku umodzi. Vidiyo imene kale inali kuseweleka bwino, manje inali kudukaduka. Chachiwili, kamuvi ka pa sikilini kanapenga. Nikaika chala pa touchpad kuti nidule pamene akwati akulowa, kamuvi kalumpha kukatsegula vinthu vina. Chachitatu, batili inaima pamalo amodzi, chaja ili mkati koma osakwela. Panalinso uthenga wa Chizungu umene unali kubwela pa sikilini yakuda nikangoyatsa. Sininauwelengeko olo kamodzi. Ninali kungotinika F1 kuti upite, monga mmene timachitila tonse.

Apa ndiye panalowa mnzanga wina, uja aliyense ali naye, amene amadziwa vonse. Anayang'ana mphindi ziwili chabe, ati, "Ni virus iyi, tifomate." Nithokoza Mulungu kuti ninakumbukila kukopela mavidiyo onse pa hard drive yakunja tisanayambe. Anaikamo Windows yatsopano usiku wonse. Kutacha, kamuvi kanali kulumphabe, batili osakwelabe, ndipo tinaonjezelapo vuto yachinayi: DaVinci Resolve, pulogilamu imene nimaeditila, inakana kutseguka. Zilembo pa sikilini zinakula monga za m'buku ya giledi wanu.

Apo n'kuti ni pa Chitatu. Ba aunty amene ananipatsa nchito, amake a mkwati, anali kutuma foni kawili pa tsiku. Abululu ochokela ku Chipata anali kubwelela pa Sondo, ndipo anali kufuna kuona vidiyo onse pamodzi asanakwele basi. Dipoziti ninali nitadya kale. Imwe mukudziwa kuti mu komboni, ukakhumudwitsa mayi mmodzi wa kitchen party, wakhumudwitsa matebulo onse amene anakhalapo tsiku lija. Nchito izi timazipeza na pakamwa pa anthu.

Pa Chinayi ninainyamula kupita kwa ba mudala ena amene amakonza makompyuta m'kashopu kakang'ono kufupi na Cha Cha Cha Road. Ninayamba kulondolola za virus na mawindo, iwo osayankha. Anangoti, "Mwana wanga, yendetsa chala apa." Kamuvi kanalumpha. Anazula chaja. "Yendetsa futi." Kamuvi kanayenda mwaulemu monga mwana wa m'kwaya. Analowetsanso chaja, misala inabwelela. Nsoni zinanigwila, chifukwa mayeso aya sanatenge olo miniti imodzi, ndipo niliko na dipuloma.

Mmene ananifotokozela ni motele. Touchpad imamva chala kupitila mu kamagetsi kochepa kwambili ka m'thupi mwathu. Chaja yopangidwa mwachinyengo imatulutsa moto wosasefedwa bwino, ndipo ngati ilibe pini yachitatu ija ya earth, phokoso la magetsi limenelo lilibe kothawila. Touchpad imaganiza kuti pali zala zina zimene zikuikhudza. Ndiye ngati kamuvi kanu kamapenga chaja ili mkati, koma kamakhala bwino mukaizula, musavutike na kusakila virus.

Pambuyo pake anaizima, anaiyatsa akutinika F2 kuti alowe mu BIOS. Pa mbali ya batili pali mzele umene umaonetsa chaja imene yalowetsedwa. Panalembedwa kuti siidziwika. Ananionetsa kapini kang'onong'ono pakati pa mutu wa chaja. Pa ma Dell a mutu wozungulila, kapini ako ndiye kamauza laputopu kuti ine ndine chaja ya mphamvu yakuti. Laputopu ikapanda kumva uthenga uwo, kapena ikamva kuti mphamvu ni yochepa, imadziteteza. Imachepetsa liwilo la processor, ndipo nthawi zambili imaleka kuchaja batili. Uthenga uja ninali kuuthamangitsa na F1 unali kuniuza zimenezi tsiku lililonse.

Anatembenuza chaja yanga n'kunionetsa tumalemba twa kumbuyo: 19.5V na 3.34A. Ati chulukitsa. Zimapeleka 65W. Yoyenela pa laputopu yanga imalembedwa 19.5V na 9.23A, ndiye 180W ija. Mutu ni umodzimodzi, mavoti ni amodzimodzi, n'chifukwa chake inalowa na kuyatsa kanyali, koma mphamvu inali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndipo kaya 65W yolembedwayo inali yoona, ni nkhani ina. Atalowetsa chaja yawo ya pa shopu, BIOS inalemba 180W pamene apo, batili inayamba kukwela.

Sanalekele apo. Anaika laputopu pa tebulo n'kuyang'ana m'mbali ngati touchpad yatukuka, ndiye anatsegula pansi kuona batili. Ati batili ikakalamba imatupa, ndipo pa malaputopu ambili imakankha touchpad kuchokela pansi mpaka kutinika kumakanga. Yanga inali bwino. Koma mukaona yanu yatupa monga chitumbuwa, lekani kuichaja, musaiboole, musaipanikize kuti ibwelele. Ija imagwila moto. Ichotsedwe.

Chinatsala ni vuto imene tinadzipangila tokha na mnzanga. Ukafomata, ma driver amapita, tumapulogilamu tuja tumene tumathandiza Windows kukambitsana na zida za mkati. Mu Device Manager munali tumakona tutatu twachikasu mndandanda, ndipo khadi yanga ya Quadro sinali kuoneka na dzina lake. Windows inali kusebenzesa driver wamba wa sikilini, ndiye DaVinci inali kuona monga laputopu ilibe khadi. Ba mudala anaitembenuza, anawelenga Service Tag, zilembo na manambala 7 pa kapepala ka pansi, n'kuilemba pa webusaiti ya Dell. Pamabwela ma driver a makina ako enieni. Anayamba na chipset, ndiye zithunzi za Intel, ndiye NVIDIA, ndiye touchpad, akuizima na kuiyatsa pakati. Tumapulogilamu tuja tumene tumalonjeza kukuikila ma driver onse na kutinika kamodzi, iwo safuna kutuona. Langizo langa ine ni lakuti pitani kumene kuli Wi-Fi, chifukwa driver wa NVIDIA yekha angamalize bundle yanu musanafike pakati.

Chaja yeniyeni, yosebenzapo kale, ninaigula pamene apo titaiyesa mu BIOS maso anga akuona. Inanidyela ndalama kupambana ija ya pa tebulo, ndipo wiki ija ninayenda na mendo kangapo. Ninaedita pa Chisanu usiku wonse ku babashopu ya msuweni wanga kumene kuli jenileta, mashini ometela akulila m'khutu mpaka 22 hours.

Vidiyo ninaipeleka pa Chiwelu madzulo. Anaionela pa TV, nyumba yodzala, nthungululu zili pakamwa. Ba aunty ananiitanila ku khichini, ananipatsa envulopu, ndiye ati, "Wachita bwino mwana wanga, koma chitenge changa sichinaoneke bwino pamene ninali kuvina."