Bondo la Mwana Wanga Wachisamba

Amayi anzanga, ine ndinaona ndi maso angawa mwana wanga wachisamba akugwa pabwalo la ntchembere mbaye kwathu kuno ku Kande. Panalibe amene anamkankha. Analumpha kuti awakhe mpira, natera ndi mwendo umodzi uli chiwongokere, bondo nkupindikira m'kati. Pofika madzulo linali litatupa ngati dzungu. Ife mwa umbuli tinalithowa ndi madzi otentha, agogo ake natemerapo mphini. Kuchipatala tinapita patatha sabata ziwiri, ndipo anatiuza kuti mtsempha wogwira bondo m'kati unaduka. Lero ndi mayi wa ana atatu, koma akasenza dengu la chinangwa potsikira kunyanja, bondo lija limagwedera.

Tsoka limeneli siliona nkhope. Mwai Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala katswiri woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015, nayenso anaduka mtsempha womwewu mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia. Iye anamchita opaleshoni, nabwerera pabwalo mu 2019. Nanga mwana wa ku Mpamba kapena ku Usisya tidzamtengera kuti?

Madokotala anapeza kuti mtsemphawu umaduka kawirikawiri mwa akazi kuposa mwa amuna. Ndiponso lamulo la mpira wathuwu limafuna kuti munthu akagwira mpira aime nji pomwepo, ndiye katundu yense amagwera bondo.

M'gulu lathu la amayi tinapangana kuti mpira sukhudzidwa tisanatenthetse thupi kwa mphindi 15. Timathamanga pang'onopang'ono pamchenga, timanyonyomala ndi kudzuka, timaima ndi mwendo umodzi tikuponyerana mpira. Koma chachikulu ndi kuphunzira katerekedwe: kutera mofewa ngati mphaka, maondo opinda, ataloza kumene zala zakuphazi zaloza, osati kuyang'anizana. Poyamba abambo osoka maukonde ankatiseka kuti tikuvina chilimika chopanda ng'oma. Tinawaleka aseke.

Bwalo nalo muziliyendera musanayambe, mukwirire maenje ndi kuzula zitsa. Wina akavulala, mtulutseni msanga, musamlimbikitse kuti apirire. Ikani pabondo nsalu yoviika m'madzi ozizira, kapena ayezi wa ogulitsa nsomba mutamkulunga m'chitenje. Mangani bondolo mosathinitsa, mwendo mutsamiritse pamwamba, ndipo kukacha mupite naye kuchipatala cha ku Chintheche ngakhale iye anene kuti wapezako bwino.